Mphete Si Poto Woti Tizikweca ndi Mcenga

Kuno ku Chadiza mai waukhondo timamudziwira ku mapoto ake. Poto akada ndi utsi, amatenga phulusa, mcenga wa kudambo ndi kawaya, n'kukweca mpaka nkhope ioneke pa citsulo. Kukhichini nzeru imeneyi ilibe vuto. Vuto limayamba pamene dzanja lomwelo latenga mphete ya ukwati, ndolo kapena mkufu wa m'khosi n'kucita nazo zimene limacita ndi poto. Ena amapaka Colgate ndi mswaki wouma, ena amaviika mu Jik usiku wonse, ena amawiritsa pa mbaula. Kukaca cinthu cija cimawaladi, mwini n'kusekerera, osadziwa kuti wacotsako mtengo ndi manja ake omwe.

Ine ndikuti kusamala zinthu zimenezi si nkhani ya azimai a ku Kabulonga okha. Ndi nkhani ya cuma ca m'nyumba, ndipo imatikhudza kwambiri ife a kum'mawa kuno amene tikuponda nthaka yokhala ndi golide ndi miyala ya mtengo wapatali.

Tiyambe ndi mcenga. Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anandandalika miyala potengera kulimba kwake, kucokera pa 1 kufika pa 10. Daimondi ali pa 10. Ruby ndi sapphire ali pa 9. Emerald ndi aquamarine ali pakati pa 7.5 ndi 8, amethyst ali pa 7. Nanga golide ndi siliva? Ali pakati pa 2.5 ndi 3 cabe, pafupifupi kulingana ndi cikhadabo canu. Mcenga wa kumtsinje wa Nsadzu wambiri ndi quartz, ndipo quartz ali pa 7. Cinthu colimba cimakala cinthu cofewa. Ndiye mukakweca mphete ya golide ndi mcenga, kuwala kumene mukuona ndi golide wa pansi amene waonekera cifukwa wa pamwamba mwamupala. Ngakhale fumbi la mu Okutobala lili ndi timcenga tomweto. Kupukuta mphete youma ndi nsonga ya citenje tsiku ndi tsiku kumaicititsa mizere pang'onopang'ono mpaka iziririke. Mankhwala otsukira mano nawonso ali ndi tiufa tokweca, topangidwira mano amene ndi olimba kuposa golide.

Zambiri zimene timagula pamsika ku Chipata kapena ku Kamwala mu Lusaka si golide yense ai. Ndi mkuwa kapena citsulo cina cokutidwa ndi kagolide kopyapyala kuposa tsitsi. Zotere kukweca kangapo kokha n'kokwanira kuti mkuwa utulukire. Cala cikayamba kubiriwira pansi pa mphete, musathamangire kuganiza kuti wina wakulodzani. Ndi mkuwa umene wakumana ndi thukuta. Yang'anani mkati mwa mphete kapena pa kokolowekera mkufu. Nambala 375 itanthauza golide wa makarati 9, 585 ndi wa makarati 14, 750 ndi wa makarati 18, ndipo 925 ndi siliva. Zilembo GP zitanthauza kuti n'cokutidwa cabe. Zidindo zabodza ziliko, n'cifukwa cake pogula cinthu codula muzipempha lisiti yolembedwa kulemera kwake ndi makarati ake. Safunsa anadya phula.

Jik ndiye mdani woipitsitsa cifukwa amaononga mwakacetecete. Golide wa m'mphete amasakanizidwa ndi mkuwa ndi siliva kuti alimbe, ndipo chlorine amadya zosakanizazo. Mphete imaoneka bwinobwino kunja, koma timano timene timagwira mwala timafooka mkati, tsiku lina mwala n'kugwera m'nkhokwe kapena m'thope osaupezanso.

Palinso mercury. Tauni yathu yoyandikana nayo ya Vubwi, imene inali mbali ya Chadiza isanakhale boma payokha mu 2012, ikudziwika ndi okumba golide, ndipo okumba ang'onoang'ono m'maiko ambiri a mu Africa amagwiritsa nchito mercury kugwira golide wa mumcenga. Mercury amalowerera mu golide aliyense amene wakumana naye, ndi wa pa cala yemwe. Mphete imasanduka yoyera ngati siliva ndipo imatha kuthetheka. Mafuta ena oyeretsa khungu alinso ndi mercury, ndipo amacita zomwezo ku ndolo ndi mikufu. Zikacitika, conde musaotce pa mbaula kuti mercury acoke. Nthunzi yake ndi poizoni woononga ubongo ndi impso, makamaka kwa ana ndi amai oyembekezera. N'cifukwa cake maiko anasaina pangano la Minamata ku Japan mu 2013 lakuti acepetse mercury, ndipo Zambia ili m'panganoli. Cinthu cotere cipite kwa wosula golide wodziwa nchito yake.

Nanga tizitsuka bwanji? Njira yoyenera ndi yochipa kuposa zonse zimene ndachulazi. Thirani madzi ofunda, osati otentha, m'kambale. Donthezeranimo sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono. Viikani kwa mphindi 10 kapena 15 kuti mafuta ndi litsiro zifewe. Kenako tengani kamswaki kofewa ka mwana, mupukute mopepuka, makamaka kuseri kwa mwala kumene kumabisala Vaseline ndi ufa. Tsukuluzani m'kambale kena ka madzi oyera, osati pa mjigo kapena pa citsime pamene ndolo ikapulumuka ndiye yapita. Umitsani ndi kansalu kofewa koyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Siliva amada cifukwa ca sulphur amene ali mu mazira, anyezi, utsi wa makala ndi mphira. Kuda kumeneku si kuonongeka. Ngati cinthu n'ca siliva yekhayekha, copanda mwala, yalani pepala la aluminiyamu lokulungira zakudya m'mbale, ikaniponi siliva uja, thirani madzi otentha ndi supuni ya soda yemweyo amene timaphikira delele. Pakapita mphindi zocepa kuda kuja kumasamukira pa pepala, siliva osapalidwa ngakhale pang'ono.

Miyala ili ndi makhalidwe osiyana ngati ana a mai mmodzi. Emerald ndi amene amachukitsa dziko lathu. Ku mgodi wa Kagem ku Lufwanyama kunapezeka mwala wochedwa Inkalamu wa makarati 5,655 mu 2018, ndipo mu 2021 kunapezeka Chipembele wa makarati 7,525, kupitirira pang'ono kilo imodzi ndi theka. Koma emerald pafupifupi aliyense ali ndi timing'alu mkati, ndipo amalonda amathiramo mafuta kuti timing'aluto tisaoneke. Madzi otentha, sopo wamphamvu ngati wocapira zovala ndi spirit zimatulutsa mafutawo, mwala n'kuoneka wong'aluka ndi wotuwa. Emerald samuviika. Kansalu konyowa n'kokwanira. Amethyst wa ku Mapatizya ku cigawo ca kum'mwera amafwifwa akamakhala padzuwa lamphamvu nthawi yaitali, conco musamusiye pa windo. Aquamarine ndi tourmaline a ku Lundazi amalola madzi ofunda ndi sopo, koma kuwacotsa m'madzi otentha n'kuwaponya m'ozizira kukhoza kuwang'amba.

Tisaiwale zathu za makolo. Mikanda ndi galasi, siiopa sopo, koma cingwe cake cimaola ngati mwaisunga isanaume. Cingwe cikayamba kusosoka, tungani cina mikanda isanamwazike panjira yopita ku Mkaika pa Kulamba. Amene muli ndi mphande yosiyidwa ndi agogo, dziwani kuti muli ndi cinthu ca mbiri. Mphande ndi cigoba ca nkhono ya m'nyanja ya mcere, ndipo kale inali cizindikiro ca ulemu waukulu. Mu 1854 mfumu Shinde ya Alunda inapatsa David Livingstone mphande ngati mphatso yapamwamba. Cigoba cimadyedwa ndi asidi, conco mandimu ndi viniga, zimene ena amatsukira zibangili za mkuwa, zisayandikire mphande kapena ngale.

Kuteteza kumaposa kutsuka. Vulani mphete pocapa, popalira, pothira Urea ndi D Compound, poumba njerwa ndi pokanda ufa wa zitumbuwa. Dzolani mafuta ndi pafyumu coyamba, zovala zonyezimirazi zibwere pomalizira. Posunga, ciliconse cikhale m'kansalu kake. Mukaziunjika m'cigubu cimodzi pamodzi ndi makiyi ndi makobili, mwala wolimba umakala wofewa, ndipo yonse imakala golide. Amai oyembekezera, vulani mphete zala zisanatupe, kuopa kuti akaidule ku cipatala.

Ndikudziwa kuti mau akuti "vulani mphete" ena sawamva bwino. Pawailesi pamene ndimathandizira, nkhani za m'banja zikafika pamenepa mafoni amaculuka. Wina amati mkazi akavula mphete ndiye kuti ali ndi maganizo ena, wina amati apongozi akaona cala cili cabe afunsa mafunso. Mantha amenewa ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Koma mphete imene yathera m'feteleza siteteza banja la munthu. Gwirizanani awiri m'nyumba kuti pa nchito yolemetsa mphete izikhala pa kacingwe m'khosi, mkati mwa malaya. Alangizi amene amaphunzitsa atsikana kusamala mikanda ndi ziwiya akhoza kuonjezera phunziro limeneli, kuti lisamaoneke ngati cinyengo.

Enanso adzati, anthu akulira mtengo wa feteleza, iwe ukutiuza za mphete? Yankho langa ndi lakuti wosauka ndiye amataya zambiri. Wolemera mphete ikaonongeka amagula ina. Kwa ambiri a ife, kamphete ka makarati 9 kapena kamkufu ka siliva ndico cinthu cokhaco m'nyumba cimene sicidyedwa ndi ciswe, sicifa ndi cigodola ca nkhumba, ndipo cikhoza kukhala cikole tsiku limene mwana wabwezedwa kusukulu. Wa kaloba kapena wogula amaika pa sikelo n'kuyang'ana ndi galasi. Mzere uliwonse, dzino lililonse lothyoka, mwala uliwonse wosweka ndi Kwacha imene akucotsa.

Umbuli womwewu umatidyera ndalama kumigodi. Mtengo wa mwala uli mu ukulu wake, mtundu wake ndi kuyera kwa mkati mwake. Wokumba amene amamenya mwala ndi nyundo kuti utuluke msanga amasandutsa mwala umodzi wodula kukhala tizidutswa khumi tochipa. Amene amaika miyala yonse m'botolo limodzi n'kuyenda nayo pa njinga ya moto kufika ku Chipata amafika nayo itagumuka m'mbali, ndipo wogula wocenjera amaloza pomwepo n'kutsitsa mtengo. Kukulunga mwala uliwonse m'pepala lake sikufuna digiri. Ku Ndola kuli sukulu ya boma yophunzitsa kudula ndi kusalaza miyala, koma ndi acinyamata angati a kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala amene anamvapo za iyo? Ndalama za CDF zimalipirira maphunziro a nchito zamanja. Makomiti a m'mawodi athu aganizeko zotumiza ngakhale ocepa, kuti tsiku lina mphete yothyoka tizikonzetsa pa Boma pano, ndipo mwala wa kwathu uzicoka kuno utasalazidwa kale.

Pamene tikudikira zimenezo, yambani ndi zimene muli nazo. Madzulo ano tulutsani kacikwama kaja, muone nambala zili mkati mwa mphete, mugwedeze mwala ndi cikhadabo kuti mumve ngati ukusuntha, mulekanitse golide ndi makiyi. Mwala ukakhala kuti ukugwedera, musavalenso mpaka wosula ataumanga. Ndipo mwana wanu wamkazi akakupemphani phulusa kuti awalitse ndolo zake zopita nazo ku chalichi, mupatseni kambale ka madzi ofunda ndi dontho la sopo.