Owerenga anthu nawonso amafuna owayang'anira

Namondwe Freddy atagumula mapiri mu Marichi 2023, Mulanje linali limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri. Matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakwirira nyumba ndi minda, makamaka cha ku Muloza. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ambiri a ife kuno kunyanja tinasonkha ufa ndi zovala m'mizikiti. Koma amene ankagawa thandizolo anayenera kuyamba ayankha funso limodzi: m'mudzi umenewu munali anthu angati?

Yankho loyambira linali m'kalembera wa 2018, yemwe ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inachita. Iye anapeza anthu 684,107 m'boma la Mulanje, ndi 17,563,749 m'Malawi muno. Chiwerengero chotere chikalakwika, mabanja ena amagona ndi njala pomwe matumba a chimanga apita kwina. Ndi mmenenso zimakhalira ndi mankhwala a m'chipatala, midadada ya sukulu ndi malire a madera a aphungu.

Tsono ndani amayang'anira owerengawo? Akatswiri a ziwerengero ambiri amalandira malipiro kuchokera ku boma, ndipo boma lililonse limakonda manambala olisangalatsa. Apa ndi pamene mabungwe a akatswiriwa amafunikira. Kuno kwathu kuli Statistical Association of Malawi. Padziko lonse pali International Statistical Institute, lomwe linayamba mu 1885 ndipo mu 1985 linakhazikitsa mfundo za khalidwe la ntchitoyi: kusunga chinsinsi cha amene wayankha mafunso, kufotokoza njira yomwe yatsatidwa, ndi kukana kupotoza zotsatira pofuna kukondweretsa wolipira.

Ku Greece zinaonekeratu. Andreas Georgiou, mkulu wa ofesi ya ziwerengero kumeneko, atalengeza mu 2010 kuti kuperewera kwa ndalama za boma m'chaka cha 2009 kunali kokulirapo kusiyana ndi momwe ananenera kale, anazengedwa milandu kwa zaka zambiri. Amene anamuikira kumbuyo poyera anali mabungwe a akatswiri anzake. Wowerenga amene alibe gulu lotere amaphunzira msanga kukhala chete.

Nkhaniyi imatikhudza ifenso mwanjira ina. Kalembera wa 2018 anati Asilamu ndife 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo ambiri mwa ife timaona ngati chiwerengerochi n'chochepa. Timaona mizikiti ikudzaza ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota, n'kumati sizingatheke. Komatu kudzaza kwa mzikiti wa kwathu sikutiuza za Mzimba kapena Nsanje. Ngati tikukayikira, tisangotchula nambala yathu ya m'mutu. Tifunse momwe funso la chipembedzo linafunsidwira, amene anayankhira banja lonse, komanso ngati asodzi omwe anali pa nyanja ndi anyamata omwe ali ku Joni anawerengedwa motani. Mafunso otere amafuna munthu wodziwa ntchitoyi amene sali pansi pa ofesi yomwe inatulutsa zotsatira, ndipo bungwe la akatswiri likhoza kukhala malo oyenera kuwafunsirapo.

Chotidandaulitsa n'chakuti mawu a akatswiriwa samveka kumudzi. Amathera m'misonkhano ya m'Chingerezi, pomwe mayi wa ku Limbuli kapena ku Makanjira amene amayankha mafunso a kalembera sauzidwa m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe zomwe mayankho ake anabala.

Malawi wakhala akuchita kalembera pa zaka khumi zilizonse, 1998, 2008 ndi 2018, choncho wotsatira akuyembekezeka mu 2028, Insha Allah. Nthawi ilipo yoti atsogoleri athu apemphe akatswiriwa kudzafotokoza pa wailesi ndi m'misonkhano ya m'madera momwe kuwerengako kudzayendere. Ndipo makolo amene ana awo amakhoza masamu adziwe kuti ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a ziwerengero.