Chogwirira pa masitepe si chokongoletsera nyumba

Amene anafikako ku Utale m'boma la Balaka akudziwa kuti kumeneko kuli malo amene a mpingo wa Katolika akhala akusamalira odwala khate kwa zaka zambiri. Khate limawononga mitsempha. Munthu angachire ndithu, koma phazi limatsala lopanda mphamvu yakumva pamene waponda.

Tsono taganizani munthu wotereyu wakwera basi kupita ku Balaka, ku Liwonde kapena ku Limbe kukafuna thandizo ku ofesi ya pamwamba. Akupeza masitepe oterera a simenti, mbali imodzi khoma, mbali inayo phompho. Agwira pati?

Vutoli si la akhate okha ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi oposa 1.5 miliyoni ali ndi ulumali wa mtundu wina. Onjezanipo agogo athu, amayi oyembekezera, mayi wa geni amene wasenza katundu mwana ali kumbuyo, ndi ana asukulu amene amatsika mothamanga belu likalira.

Dziko lino linavomera pangano la United Nations lokhudza anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lonena kuti nyumba zofikamo anthu onse zikhale zoti aulumali athe kulowamo. Koma lamulo la pa pepala silimugwira munthu akamagwa.

Zofunika zake sizachilendo. Amisiri odziwa ntchito amaika chogwirira pa msinkhu wa pafupifupi mita imodzi, choyambira pa sitepe yoyamba mpaka yomaliza, chozikika bwino osagwedera, chokwana m'dzanja. Mipata ya zitsulo isapitirire masentimita 10, kuti mutu wa mwana usalowe. Owotcherera zitsulo ali ponseponse m'matauni mwathu. Mwini nyumba amene wakwanitsa kugula matani a simenti angalephere mapaipi angapo, abale?

Ife tikuti a khonsolo asamangodinda mapulani ali mu ofesi. Apite akaone ndi maso, ndipo nyumba yosanjikizana yopanda chogwirira isaloledwe kutsegulidwa, mwini wake akhale bwana wamkulu chotani. Woyendera nyumba amene walandira kangachepe n'kutseka maso adziwe kuti munthu akathyoka msana pamenepo, mlanduwo ndi wakenso.

Inunso amalonda amene mumachita lendi mashopu a pamwamba, muuzeni landilodi akonze musanalipire mwezi wina. Kasitomala amene akuopa kukwera amakagula kwa mnzanu wa pansi. Chakudza sichiimba ng'oma. Mawa wotsika ndi ndodo pa masitepe amenewo mungakhale inuyo.