Zimene Sanakuuzeni pa Tsiku Lolembetsa

 Lero ndalemba motalikirapo, choncho pezani pokhala. Nkhani yake ndi ya msonkho, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuyasamula. Pirirani nane, pakuti nkhaniyi inalowa m'banja mwathu momwe, ndipo ine amene ndikulembayu ndili ndi mbali yanga pa cholakwacho.

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Mnzake wina anamukopa kuti azigulitsa mafuta odzola ndi zonunkhiritsa za kampani ina imene sinditchula dzina. Geni yotereyi mukuidziwa, pakuti makampani monga Avon, Tupperware, Herbalife ndi Forever Living anatchuka nayo m'maiko ambiri. Amakupatsani kabuku ka zithunzi za katundu, inu n'kumayenda nako kwa anzanu, kuntchito ndi pa WhatsApp. Mumapikula katunduyo pamtengo wotsika n'kugulitsa pamtengo wa m'kabuku, ndipo mukakopa ena kuti alowe pansi panu mumalandira komishoni pa zimene iwo agulitsa. Mwanayo anachita khama ndipo zinamuyendera. Ndalama zimene ankatumiza kuno zinachuluka. Tinalipira fizi ya ang'ono ake awiri, tinagula feteleza, tinafolera nyumba ya mayi ake ndi malata. Ine monga malume ndinali patsogolo pomuyamikira, ndiponso patsogolo pomukumbutsa zosowa zina.

Usiku wina m'mwezi wa Januwale anandiimbira foni, mawu akunjenjemera. "Amalume, akufuna £1,800 pofika pa 31, ndipo ine ndilibe." Ndinafunsa kuti akufunayo ndani. Anati a msonkho. Ndinati, "Kodi iwe, msonkho sakudula pa malipiro ako mwezi ndi mwezi?" Anayankha kuti amadula, koma wa ntchito ya okalamba yokha, pa geni ija panalibe amene anadulapo ngakhale khobidi limodzi. Pamenepo ndinakhala chete, chifukwa ndinazindikira kuti ena mwa malata aja tinagulira ndalama za msonkho.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosapsatira. Munthu wogulitsa katundu m'njira imeneyi ali pa bizinesi yakeyake, ndipo kuyambira tsiku loyamba ayenera kudziwa kuti gawo lina la ndalama zolowa m'thumba mwake ndi la boma. Amene amamulembetsa osamuuza zimenezi wamuchitira zoipa, ngakhale atatero mwa umbuli. Ndipo ife achibale amene timawerengera ndalama zimenezo tili kutali, tiyenera kuphunzira kufunsa tisanapemphe.

Onani mmene £1,800 ija inabwerera. Kampani sinamulembe ntchito mwanayo. Imamutcha mayina okoma, koma pamaso pa lamulo iye ndi wodzilemba yekha, ndipo udindo wolembetsa ku HMRC, bungwe lotolera misonkho ku Britain, uli pa iye. Kumeneko chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Ziwerengero zimene ndikupatseni ndi za chaka cha 2024 mpaka 2025. Munthu aliyense anali ndi £12,570 zoyamba zimene sizidulidwa msonkho. Koma mwana wathuyu gawo limeneli linali litathera kale pa malipiro ake a kuntchito, motero phindu lonse la geni, kuyambira paundi yoyamba, linayenera kudulidwa 20 pa 100 iliyonse. Phindu lake linali £6,000, ndiye kuti msonkho £1,200.

Mwina mukufunsa kuti nanga £600 inayo yachokera kuti. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Msonkho wotere ukapitirira £1,000, ndipo zimene zinadulidwa kale pa malipiro sizikufika 80 pa 100 ya msonkho wanu wonse, boma limafuna kuti muyambiretu kulipira wa chaka chotsatira: theka pa 31 Januwale pomwepo, theka lina pa 31 Julayi. Chotero chaka choyamba munthu amasenza msonkho wa chaka chimodzi ndi theka pa tsiku limodzi, patangopita mwezi umodzi kuchokera pa Khirisimasi, pamene m'thumba muli mbee. Akanatumiza fomu yake pa intaneti pofika pa 30 Disembala, akanatha kupempha kuti ngongoleyo, popeza inali yosafika £3,000, izidulidwa pang'onopang'ono pa malipiro ake. Koma ndani anamuuza? Safunsa adadya phula.

Ena mwa inu mukuti, "Ine ndimangogulitsa pang'ono, zimenezo sizindikhudza." Mvetserani bwino. Kuyambira mu 2017 lamulo la kumeneko limalola kuti munthu alandire mpaka £1,000 pachaka pa geni yake popanda msonkho. Koma £1,000 imeneyi imawerengedwa pa ndalama zonse zimene makasitomala akupatsani, musanachotsepo mpamba. Mukagulitsa katundu wa £100 pamwezi, pakutha pa chaka mwadutsa kale malirewo, ngakhale phindu lanu litakhala lochepa. Mukadutsa, muyenera kulembetsa pofika pa 5 Okutobala chaka cha msonkho chikatha, ndi kutumiza fomu pofika pa 31 Januwale. Wochedwa ndi tsiku limodzi amalipira chindapusa cha £100, ngakhale atapezeka kuti analibe msonkho wolipira. Pakapita miyezi itatu, chindapusa chimakhala £10 pa tsiku kufikira £900. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsopano mbali yotonthoza mtima. Msonkho umadulidwa pa phindu, ndipo lamulo limalola kuti muchotse kaye zimene mwawononga poyendetsa geni. Mumachotsa ndalama zopikulira katundu, zogulira timabuku ta zithunzi tija, timabotolo toyesetsa makasitomala, mapepala okulungira, ndi zotumizira katundu pa positi. Pa foni ndi intaneti mumachotsa gawo lokhalo limene lagwira ntchito ya geni. Woyenda pa galimoto yake kukasiya katundu ankaloledwa kuchotsa mapeni 45 pa mailosi iliyonse, kufikira mamailosi 10,000 pachaka. Wogwirira ntchitoyi kunyumba maola 25 mpaka 50 pamwezi ankachotsa £10 pamwezi. Mumasankha chimodzi: kuchotsa £1,000 ija yokha, kapena kuchotsa zimene mwawonongadi, zonse ziwiri pamodzi n'zosaloledwa. Koma chilichonse chimafuna umboni, ndipo malisiti ayenera kusungidwa zaka zisanu kuchokera pa tsiku lomaliza lotumizira fomu. Mwana wathu zambiri zimene analipira ndi ndalama zapamanja analibe nazo pepala, ndipo maulendo ake sanalembe paliponse. Analipira msonkho pa ndalama zimene zinali zitatuluka kale m'manja mwake.

Palinso zimene anthu amayesa kuti zimachotsedwa pamene sizichotsedwa. Mafuta amene mwatenga pa katundu wanu n'kudzola nokha kapena kutumizira alamu anu kuno sali m'gulu la zowononga za geni. Zovala zokongola zimene mwagula kuti muoneke bwino pamaso pa makasitomala sizichotsedwa. Chakudya chimene mwaphikira alendo obwera kudzaona katundu kunyumba kwanu sichichotsedwa, ndipo chindapusa cha pamsewu ndi chanu nokha. Kumbali inayo, komishoni yochokera kwa amene ali pansi panu ndi mabonasi a kampani zimawerengedwa monga ndalama zolowa, ndipo kawirikawiri ngakhale mphoto za katundu zimene kampani imapereka chifukwa mwagulitsa kwambiri zimalowa momwemo.

Chenjerani ndi mawu amene amamveka m'misonkhano ya ogulitsa akuti, "Gulani basi, mudzachotsera ku msonkho." Kuchotsera sikubweza ndalama zanu. Mukawononga £100 pa chinthu chololedwa, msonkho wanu umatsika ndi £20 yokha, ndipo £80 yapita ndithu. Amene akukulimbikitsani kupikula makatoni ambiri mwezi usanathe nthawi zambiri ali ndi komishoni yake pa makatoniwo. Musadzaze chipinda ndi katundu amene palibe anaitanitsa.

Ndikudziwa kuti wina anena mumtima kuti, "Dziko la eni ake, tindalama tochepa, adziwa ndani?" Ndikuyankheni ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama za masiku ano zimasiya mapazi. Zimadutsa m'banki, kampani imasunga mabuku a komishoni imene yakulipirani, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2024 misika ya pa intaneti monga eBay, Etsy ndi Vinted inayamba kusonkhanitsa mbiri ya ogulitsa kuti izipereka ku HMRC. Chachiwiri, inu ndinu alendo m'dzikomo. Tsiku limene mudzapemphe unzika, mbiri yanu ya msonkho ndi chimodzi mwa zimene amaziyang'ana poweruza khalidwe lanu. Kodi n'kwanzeru kuika pachiswe zaka zonse zimene mwapirira kuzizira ndi kugwira ntchito usiku chifukwa cha mapaundi mazana angapo? Ndipo inu ana athu amene muli kumeneko pa chitupa cha sukulu, dziwani kuti chitupa chimenecho sichilola kudzilemba ntchito nokha. Amene akukukopani kuti mulowe geniyi akukukokerani m'dzenje.

Musayese kuti izi n'za ku Britain kokha. Ku America, wodzilemba yekha amene phindu lake lafika madola 400 pachaka amalipira msonkho wapadera wa 15.3 pa 100, wothandizira penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala cha okalamba, kuwonjezera pa msonkho wa masiku onse. Wolembedwa ntchito amagawana mtolo umenewu pakati ndi pakati ndi bwana wake, koma wa geni amausenza yekha. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ochuluka, amene phindu lawo lafika poyenera msonkho amalipiriratu ku SARS kawiri pachaka, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale. Kuno kwathu MRA imafuna kuti wochita bizinesi akhale ndi nambala ya msonkho, ndipo wobwera ndi katundu kuchokera ku Johannesburg amakumana ndi msonkho pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza. Amene anali atagulitsa katundu pa ngongole pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 akudziwa mmene zimapwetekera kulandira ndalama zakale pamene mtengo wopikulira wakwera. Walira mvula walira matope.

Sindikunyoza geniyi ayi. Yaphunzitsa ana, yamanga nyumba, ndipo yapatsa amayi ambiri ndalama zawozawo. Chimene ndikudana nacho ndi kulembetsa munthu ndi nkhani za maulendo ndi magalimoto, osamuuza za fomu ya Januwale. Inu amene muli ndi anthu pansi panu, ndikukupemphani kuti mawu oyamba kwa munthu watsopano akhale a msonkho, a malisiti ndi a kabuku kolembamo zolowa ndi zotuluka. Mukudya komishoni pa thukuta lake, ndiye muli naye mangawa a choonadi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Inu ogulitsa, chitani zinthu zitatu sabata ino. Tsegulani akaunti yapadera ya geni, kuti ndalama zake zisasakanikirane ndi za ndiwo. Pa phindu lililonse, patulani gawo limodzi mwa magawo anayi n'kuliika pamene dzanja silifika msanga, ndipo muziliona ngati ndalama ya mwini imene anakusungitsani. Jambulani lisiti lililonse ndi foni tsiku lomwelo. Ngati mwachedwa kale, musabisale. Pitani nokha mukadziulule, pakuti chilango cha wodziulula chimapepuka kuposa cha wogwidwa. Mwana wathu anaimba foni ku HMRC, anagwirizana nawo zolipira mwezi ndi mwezi pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo tsopano akugona tulo.

Inu amene mumatenga katundu pa ngongole kwa mlongo wanu tikatuluka m'kachisi, n'kumamulonjeza kumapeto kwa mwezi umene sufika, kumbukirani kuti iye analipira kale katunduyo. Fungo lokoma limene mwadzipopera Lamulungu lapitali ndi mpamba wa mnzanu. Kabwezeni.

Potsiriza ndilankhule ndi ife otsala kumudzi, amalume, azakhali ndi makolo. Tikaona zithunzi za makatoni pa Facebook timati mwana walemera, ndipo timayamba kundandalika zosowa. Mwana amachita manyazi kukana, amatumiza ndi ndalama zimene anayenera kusunga. Ine ndinapepesa kwa mwana wa mlongo wanga, ndipo tinagwirizana pabanja kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi asatumize kanthu kufikira ngongole yake itatha. Fizi ya ang'ono ake tinasonkherana, mbuzi ziwiri zinapita kumsika. Lero akandiuza kuti akutumiza kangachepe, funso langa loyamba limakhala lakuti, "Kodi za msonkho wapatula?" Ndikukupemphani kuti nanunso muzifunsa ana anu funso lomweli.

Amene muli ndi m'bale wochita geni imeneyi, mutumizireni uthengawu Januwale asanafike. Khalani bwino nonse, ndipo mupereke moni kwa ana.