Mvula Ili ndi Maso, Anawa Akudziwa Kale

Inu aphunzitsi athu a ku Ulónguè, a ku Dómuè mpaka ku Calómuè kumalire ndi Dedza, nanunso makolo anzanga, sendezani mipando tikambirane za mmene ana athu akuphunzirira ndakatulo.

Mtima umandiwawa ndikamva mwana akutchula pamtima, m'Chipwitikizi, tanthauzo la umunthu m'ndakatulo, kuti ndi kupatsa chinthu chimene si munthu makhalidwe a munthu. Amatchula osaphonya, aphunzitsi n'kumuchongera. Koma mumuuze kuti apeke mzere umodzi wokha wa phiri la Dómuè, limene amaliona m'mawa uliwonse, angoti kakasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwanayo si mbuli ayi, ndife tayamba kumuphunzitsa dzina la chinthu tisanamuonetse kuti chinthucho ali nacho kale m'kamwa.

Tamverani agogo ake mavuto akachulukana pakhomo: mvula ikakuona litsiro sikata. Kodi mvula ili ndi maso? Mbale wosochera akabwerera kumudzi amati madzi saiwala khwawa. Pochenjeza aulesi amati nkhanga zidapangana kusanapse, ngati kuti alipo adaziona zili pabwalo la milandu. Amayi ake kumunda wa mbatatesi amati nthaka yatopa, chimanga chikulira feteleza, mphepo ya mu Juni yakwiya. Mwana wakulira m'mawu otere ndiye tikumuuza kuti luso limeneli lidabwera ndi buku!

Boma lidatitsegulira njira. Kuyambira 1993 mpaka 1997, kuno ku Tete adayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri adalowa m'sukulu za pulayimale za m'dziko muno. Ngakhale mlakatuli wathu wamkulu José Craveirinha, amene adalandira mphoto ya Camões mu 1991, buku lake la mu 1974 adalitcha Karingana ua Karingana, mawu amene Aronga amayambira nthano monga ife timati "padangokhala". Iye sadachite manyazi ndi nthano za amayi ake. Kutsidya kwa malire, J.W. Gwengwe adalemba Sikusinja ndi Gwenembe, nkhani imene mbalame ndiyo imaulula mlandu wa magazi umene munthu adabisa.

Tsono aphunzitsi, yambani ndi mwambi. Ulembeni pabolodi, anawo atsutsane okha kuti ndani akuona, ndani akukumbukira, ndani akupangana. Akatopa kutsutsana, pamenepo muwauze dzina la m'buku, m'zilankhulo zonse ziwiri, pakuti mayeso alinso pakhomo. Chibwereza achipeze m'nyimbo za pamtondo, chifanifani m'zilape, mvekero m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku, pamene timati mvula ili waa, usiku uli zii. Ndipo musanyade kufunsa nkhalamba za m'mudzi, ngakhale zosadziwa kugwira pensulo. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Pali china chimene ndikuchenjezani. Mwana akangolawa luso limeneli amaliwirikiza: mtengo uliwonse ulire, mwala uliwonse useke, mwezi uvine popanda chifukwa. Musamuseke, pakuti mwana wosekedwa pa ndakatulo yake yoyamba sabwereranso ndi yachiwiri. Mutulutseni panja. Akhale pansi pa mlombwa kapena m'mbali mwa dimba, ayang'anitsitse, kenaka mumufunse kuti waona chiyani chimene chamuuza kuti mtengowo ukulira. Akayankha kuti waona utomoni wofiira ukutsika pamene nkhwangwa idatema, ndiye kuti wayamba kunena zoona. Makolo athu sadapatse mvula maso mwachisawawa. Adaona kaye mmene mavuto amatsatanirana pa munthu mmodzi. Ntchito imeneyi siitha sabata imodzi. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Nanu makolo, musasenzetse aphunzitsi okha katunduyu, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Madzulo ambiri masiku ano tikungowerama pa foni, ana n'kukagona osamva ndi nthano imodzi yomwe. Tikamaliza kukolola, aphunzitsi aitane agogo awiri kapena atatu kusukulu, awayalire mphasa, asimbe za Kalulu ndi Fisi, anawo ayankhe "tili tonse", ndipo m'mawa mwake aliyense abwere ndi mizere inayi ya iye mwini.