Mpeni watsopano musauike pamoto

Mpeni kapena chikwanje chikamachoka m'sitolo chimanyezimira, ndipo ukachikhudza chimaterera kapena kumata zala. Kunyezimirako si kwa chitsulo ayi. Ndi mafuta kapena vanishi wopyapyala amene a kufakitale amapaka kuti chitsulo chisachite dzimbiri panjira. Njirayo ndi yaitali ndithu. Zikwanje za Tramontina zimachokera ku Brazil, kuwoloka nyanja yamchere pasitima. Okapi, mpeni wopinda uja abambo ambiri amayenda nawo m'thumba, unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Yambiri mwa mipeni imeneyi ndi ya chitsulo cha kaboni, chonoleka bwino koma chosachedwa kugwira dzimbiri.

Vanishiyo ayenera kuchoka mpeni usanakhudze ndiwo, pamenepo palibe mkangano. Akayamba kusenduka, tizidutswa take timathera mumphika. Chondiwawa mtima ndi kachotsedwe kake. Ena amauika mpeniwo pa mbaula kuti utoto upse. Ena amapita nawo kwa anyamata a galayindala pamsika, amene amaukanikiza pamwala wamagetsi mpaka moto kuthetheka.

Amayi ndi abambo, kumeneko ndi kuupha mpeni. Popanga, chitsulo amachitenthetsa mpaka kufiira, n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi kuti chilimbe, kenako n'kuchifunditsanso pang'ono, cha m'madigiri 200 kapena kuposerapo pang'ono, kuti chisamathyoke. Makala a pa mbaula amapyola pamenepo kutalitali. Yang'anitsitsani kunsonga: chitsulo chikamatentha chimayamba chikasu ngati udzu wouma, kenako chofiirira, ndipo chikafika cha m'madigiri 300 chimasanduka buluu. Mukaona buluuyo, kulimba kwapita, ndipo sikubwerera ndi kunola. Munola m'mawa, pofika madzulo wabuntha, ndiye mumvekere, "Atigulitsa feki!" Chonsecho mpeniwo unali wabwinobwino.

Ntchito yake ndi yofuna kufatsa basi. Ngati ndi mafuta, madzi ofunda ndi sopo zakwana. Ngati ndi vanishi, nyowetsani kansalu ndi asetoni, mankhwala aja atsikana amachotsera utoto m'zikhadabo, muzipukuta kuchokera kumsana kwa mpeni kulowera kokuthwa kuti musadzicheke. Chitirani pabwalo, kutali ndi moto, chifukwa asetoni sachedwa kuyaka, ndipo asadonthere pa chigwiriro cha pulasitiki. Pomwe vanishi wakakamira, phulusa lonyowa pachiguduli limamaliza. Petulo ndi parafini zisiyeni, si za pa mpeni wodulira chakudya. Mukatha tsukani ndi sopo, pukutani mpaka uume, mupake kadontho ka mafuta ophikira.

Kuyambira pamenepo woteteza chitsulocho ndinu. Mpeni usagone m'beseni la mbale. Ukayamba kuderako mutadulira tomato, anyezi kapena mandimu, musaukweche ndi mchenga poganiza kuti ndi litsiro. Kuda kumeneko kumathandiza kutchinga dzimbiri lofiira lija, lomwe limadya chitsulo n'kusiya timaenje.

Kwa inu ogulitsa m'mahadiweya ndi m'misika, pempho langa ndi ili: popereka chenji, muuzeni wogula kuti mpeniwo uli ndi vanishi, ndipo auchotse ndi kansalu, osati pamoto.