Tisadule mikuyu, mbalame ya pa K1 isowa pogona

Pa Ciwelu capita, dzuwa lisanatuluke, motoka ziwiri zocokera ku Lusaka zinaima pafupi ndi calici cathu kuno ku Palabana. Munatuluka anthu ovala zipewa, magalasi oonera patali ali m'khosi. Ena a ife tinayesa ndi aja ofuna mapuloti. Koma iai, iwo anali kufuna mbalame, ndipo anatipempha kuti tiwatsogolere kumene kuli mikuyu ikulu-ikulu.

Tinaseka. Munthu wamkulu kutentha mafuta a motoka kamba ka mbalame imene sadzadya n'komwe? Pamenepo mmodzi wa iwo anatulutsa ndalama yacitsulo ya K1, ija inayamba kugwira nchito mu 2013, natiuza kuti tiipenyetsetse. Zoonadi pali mbalame. Iwo amaicha Chaplin's barbet. Ndi yoyera, ya mapiko akuda, yofiira mozungulira maso. Inalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi mu 1920, ndipo pa dziko lonse lapansi ipezeka mu Zambia cabe, maka-maka ku Chisamba, ku Choma ndi m'mbali mwa madambo a Kafue.

Tinayenda nao mpaka dzuwa kupendeka. Tinaona akakowa pakati pa ng'ombe, nkhanga m'minda ndi njiwa zambiri, koma imene anadzera sitinaione. Cimene cinatipatsa manyazi ndi ici: malo atatu amene tinawapeleka, kumene tinali kutola nkhuyu tili ana, tinapezako zitsa zokha-zokha.

Moyo wa mbalame iyi uli pa mkuyu. Idya nkhuyu, ndipo igoba mphako m'nthambi youma ya mtengo womwewo kuti iikilemo mazila. Mkuyu ukagwa, cakudya ndi nyumba zapita pamodzi. Ndiye cifukwa cake bungwe la IUCN linaiika pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha, ndipo a BirdWatch Zambia, bungwe limene linayamba mu 1969, akhala akucenjeza za kudulidwa kwa mitengo iyi.

Sitikunyoza munthu ali yense. Tidziwa mmene cilala ca 2024 cinapserezera cimanga, ndi mmene kuzima-zima kwa malaiti ku Lusaka kunakwezera mtengo wa malasha. Kholo limene ana ake agona ndi njala silingamvere nkhani za mbalame. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Ndalama ya malasha itha pa sondo imodzi. Mkuyu woimilira upatsa ng'ombe mthunzi mu Okutobala, upatsa mbuzi nkhuyu, ndipo mizu yake igwira nthaka ya m'mphepete mwa mtsinje, caka ndi caka. Ngakhale alendo aja anatigula mazila ndi matimati, nasiyanso kangacepe kwa mnyamata amene anawatsogolera. Kodi adzabweranso kudzaona zitsa?

Tsono pempho lathu ndi ili. Alimi anzathu, potsegula munda siyani mkuyu, ndipo nthambi zake zouma musazisandutse nkhuni zonse. Anyakwawa a m'dziko la Amfumu a Nkomeshya, pogawa malo uzani wolandira kuti mkuyu sudulidwa. Inu ogula mapuloti, mpanda ungathe kukhota, mtengo wa zaka makumi asanu subwerera mawa. Makolo, tiuze ana kuti legeni si ya ciliconse couluka. Ndipo ife a m'mipingo, mkuyu siuvuta kubyala: nthambi yaiwisi yozikidwa mvula itayamba iphuka. Cigawo ciliconse citabyala iwiri caka cino, adzukulu athu adzatiyamika.

Pa Sondo timamva za Zakeyu amene anakwera mumkuyu ku Yeriko kuti aone Ambuye. Ndi mtundu womwewu wa mtengo. Akanakhala wa kuno ku Palabana lelo, kodi akanakwera pati?