Mutu waukulu wa ku Buffalo umalewa nkhonya

Ku America kuli timu ina imene inachotsa mphunzitsi wake mu 2013, n'kuyesa aphunzitsi ena 6 motsatizana, onsewo n'kuwapitikitsanso, kenako mu Epulo 2024 n'kuitana atolankhani kudzawauza kuti tsopano munthu woyenera wapezeka. Munthu woyenerayo anali yemwe uja anamuthamangitsa mu 2013. Nditawerenga ndinaseka ndekha, koma kusekako kutatha kunatsala kamkwiyo kamene kandivutitsa sabata yonse.

Timuyo ndi Buffalo Sabres, ya mumzinda wa Buffalo m'chigawo cha New York, kufupi ndi mathithi a Niagara, ndipo masewero ake ndi hockey wa pa ayezi. Musathawe. Zofunika kudziwa n'zochepa. Anthu 6 mbali iliyonse, kuphatikizapo goloboyi, amatsetsereka pa madzi oundana atavala nsapato zachitsulo chakuthwa kunsi, n'kumamenya kamphira kakuda kophwathalala ndi ndodo zopindika kumapeto. Ligi yawo ndi NHL, ya matimu 32 a ku United States ndi Canada. Timu iliyonse imasewera magemu oposa 80 pachaka, ndipo matimu 16 amalowa ndime yochotsana yolimbirana chikho cha Stanley Cup. Theka lathunthu limalowa, abale. Buffalo inalowa mu 2011, ndipo kuchokera pamenepo mpaka Epulo 2025 inatha zaka 14 zotsatizana ikuonerera anzake pa TV. M'mbiri yonse ya ligiyo palibe timu ina imene inakhalapo panja nthawi yaitali chonchi.

Chaka cha 2011 chomwecho, mu Febuluwale, ndi pamene timuyi inagulidwa ndi Terry Pegula, mpondamatiki amene analemera ndi bizinesi yokumba gasi. Tsiku loyamba analonjeza pamaso pa anthu kuti kuyambira tsikulo timuyo idzakhalira chinthu chimodzi chokha, kutenga Stanley Cup. Anagwetsa ndi misozi yomwe ataona Gilbert Perreault, katswiri wakale wa timuyo, atakhala m'chipindamo. Ndipo tinene chilungamo, bamboyu sanaumire. Chaka chomwecho anasainitsa wosewera wa ku Finland, Ville Leino, kontrakiti ya zaka 6 ya madola 27 miliyoni. M'chaka chake chachitatu Leino anasewera magemu 58 osagoletsa ngakhale chigoli chimodzi, ndipo timu inachita kumulipira kuti achoke.

Woyamba kulipira ndi ntchito yake anali Lindy Ruff. Munthuyu anasewerapo timuyo, anakhalapo kaputeni, ndipo anaiphunzitsa kuyambira 1997. Mu 1999 anaifikitsa mu fainolo, kumene inagonja kwa Dallas Stars ndi chigoli cha Brett Hull chimene anthu a ku Buffalo sanachivomereze ndipo sadzachivomereza. Mu Febuluwale 2013 anamuonetsa msewu. Ron Rolston analowa, koma Novembala asanathe naye anali panja, limodzi ndi manijala wamkulu Darcy Regier. Kenako anaitana Ted Nolan. Nolan ameneyu ndi amene Ruff anamulowa m'malo mu 1997. Madzi saiwala khwawa, koma a ku Buffalo amachita kunyanya. Pat LaFontaine, wosewera wakale wokondedwa amene anamubweretsa kudzayang'anira zonse, anatula pansi udindo miyezi inayi isanakwane.

Nkhani ya Nolan ndi imene imandiwawa kwambiri, ndipo kuti imveke tiyenera kudziwa momwe ligi ya kumeneko imayendera. Kulibe kutsika. Timu yomaliza siipita ku ligi yaing'ono monga timazolowera mu mpira wamiyendo. M'malo mwake imapatsidwa mwayi waukulu pa mayere osankhira anyamata aluso amene akulowa kumene mu ligi. Mu 2015 kunali mnyamata wina, Connor McDavid, amene aliyense ankadziwa kuti adzakhala chilombo. Ndiye akuluakulu a ku Buffalo anaphika timu yoti izigonja. Aliyense ankaona. Goloboyi akayamba kugwira bwino, manijala wamkulu watsopano, Tim Murray, ankamugulitsa. Jhonas Enroth anapita ku Dallas mu Febuluwale, Michal Neuvirth ku New York Islanders mu Malichi. Mwezi womwewo Arizona Coyotes, timu ina yakumchira, inabwera kudzasewera ku Buffalo. Arizona itagoletsa chigoli chopambanira m'nthawi yowonjezera, masapota a Buffalo, pabwalo lawo, atavala mayunifomu a timu yawo, anakuwa ndi chimwemwe. Taganizani osewera akulowa m'chipinda chosinthira zovala, thukuta lili kamukamu, akumva anthu awo omwe akusangalalira kugonja kwawo.

Buffalo inathera pomaliza monga inafunira. Mayere anagwera Edmonton Oilers, McDavid anapita kumeneko, ndipo Buffalo inatenga wachiwiri wake, Jack Eichel. Nanga Nolan? Anachotsedwa ntchito mu Epulo 2015. Munthu mwamupatsa timu yoti agonje nayo, wagonja bwinobwino, ndiye mukumuchotsa chifukwa wagonja.

Ndinakhalapo moyandikana ndi bambo wina mwini minibasi. Minibasiyo inali yotheratu. Mmawa uliwonse kondakitala ndi ana a m'deralo ankaikankha kuti ilire, utsi wakuda uli tolotolo, matayala osalala, chitseko chomangidwa ndi chingwe cha buluu. Makanika akanena kuti injini ikufunika kutsitsidwa, bamboyo ankati amenewo ndi akuba. Madzulo dalaivala akabwera ndi ndalama yosakwana tageti, tinkamva phokoso kuseri kwa mpanda, ndipo Lolemba tinkaona nkhope yatsopano pachiongolero. Uyu anali waulesi, winayo anali chidakwa, wachitatu ankaba mafuta. Mwina ena ankabadi. Koma pa anthu onse amene anaigwirapo minibasi ija, mmodzi yekha ndi amene sanasinthe, ndipo ndi yemweyo amene ankasankha madalaivala, kugula matayala ogwiritsidwa kale ntchito ndi kukana malangizo a makanika.

Makolo athu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndimaukonda mwambi umenewu chifukwa suopa wamkulu. Umamuuza kuti zikavuta pamudzi, nkhonya zoyamba n'zake. Koma m'masewero amakono mutu waukulu unapeza njira. Umalemba mphunzitsi, n'kumuimika kutsogolo, nkhonya zonse n'kumagwera iyeyo. Akatupa nkhope amamuchotsa n'kuimika wina. Ndipo ku NHL, kumene kulibe kutsika ligi, nkhonya ya m'thumba nayo siifika. Pegula anagula timuyi pa madola 189 miliyoni. Pofika 2024 magazini ya Forbes inkaiwerengera kuti yadutsa madola 1 biliyoni. Zaka zonse zogonja zija, chuma chinkangokwera. Ndiuzeni, munthu wotere angasinthe chifukwa chiyani?

Mndandanda unapitirira. Dan Bylsma, amene anatengapo chikho ndi Pittsburgh Penguins mu 2009, anatha zaka ziwiri n'kuchoka tsiku limodzi ndi Murray. Phil Housley, katswiri wina wakale wa timuyo, zaka ziwirinso. Kenako mu 2019 anabwera munthu amene okonda English Premier League mungamukumbukire, Ralph Krueger. Inde, yemwe uja anali wapampando wa Southampton kuyambira 2014 mpaka 2019, m'zaka zimene Southampton inkangolera osewera kuti Liverpool idzakolole, Sadio Mané, Virgil van Dijk ndi anzawo. Sanali mlendo ku hockey, poti anaphunzitsapo timu ya dziko la Switzerland zaka zambiri ndiponso Edmonton chaka chimodzi. Koma anali atatha zaka zisanu mu ofesi ya mpira wamiyendo ku England, ndipo wina anaona kuti uyu ndiye mankhwala. Anapeza Jeff Skinner atangogoletsa zigoli 40 ndi kusaina kontrakiti ya madola 72 miliyoni. M'manja mwa Krueger, Skinner anatsitsidwa mpaka kumaonerera magemu ena ali mu suti. Krueger anachotsedwa mu Malichi 2021 timu itatha magemu 12 osapambana, ndipo iye atachoka mzerewo unapitirira mpaka magemu 18.

Apa wina anena kuti mwina osewerawo ndiwo anali mbola. Tiyeni tiwatsatire kumene anapita. Ryan O'Reilly ananena poyera mu Epulo 2018 kuti kugonjagonja kwamuchotsa chikondi cha masewerowo. Anamugulitsa ku St. Louis Blues, ndipo chaka chotsatira ananyamula Stanley Cup pamodzi ndi mphoto ya wosewera wopambana onse m'ndime yochotsana. Goloboyi Linus Ullmark anapita ku Boston Bruins mu 2021, ndipo mu 2023 anasankhidwa goloboyi wabwino koposa mu ligi yonse. Sam Reinhart anapita ku Florida Panthers mu 2021, ndipo mu 2024 ndi iye amene anagoletsa chigoli chotengera chikho m'gemu yomaliza ya fainolo. Pambali pake panali Kyle Okposo, amene miyezi itatu m'mbuyomo anali kaputeni wa Buffalo.

Ndiye Eichel, mnyamata amene timu inamupeza itadzigonjetsa chaka chathunthu. Mu 2021 anavulala khosi. Iye ankafuna opaleshoni yoikamo kachipangizo m'malo mwa mbali yowonongekayo, timu inkafuna opaleshoni yolumikiza mafupa, ndipo malinga ndi mgwirizano wa ligi ndi osewera, mawu omaliza anali a timu. Anakangana miyezi yambiri pa khosi la munthu wina. Anamulanda ukaputeni, ndipo mu Novembala anamugulitsa ku Vegas Golden Knights. A ku Vegas anamulola kuchita opaleshoni imene ankafunayo. Mu 2023 nayenso ananyamula chikho. Ndi mphunzitsi uti amene tingamuloze chala pa nkhani ya khosi ili?

Palinso china chimene masapota sachiona msanga chifukwa sichichitikira pabwalo. Mu Juni 2020, patangodutsa milungu yochepa eni timu atanena kuti manijala wamkulu Jason Botterill sachoka, anamuchotsa, ndipo tsiku lomwelo anasesa anthu oposa 20, ambiri mwa iwo ofufuza osewera aluso. Awa ndi anthu amene amagona m'mahotela otchipa, kuzizidwa m'mabwalo ang'onoang'ono a ku Canada ndi ku Sweden, kuonerera ana a zaka 17 kuti adziwe amene adzakhale katswiri mawa. M'malo mwa Botterill anaika Kevyn Adams, wosewera wakale amene panthawiyo ankagwira ntchito kumbali ya bizinesi ya timuyo ndipo anali asanakhalepo manijala wamkulu kwina kulikonse. Zinthu ngati izi zimapweteka timu patapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo zikamadzapweteka, amene waima pambali pa bwalo ndi mphunzitsi wina amene panthawiyo kunalibe.

Don Granato, amene analowa m'malo mwa Krueger, ndi amene anayandikira. Anyamata anayamba kugoletsa, Skinner uja anabwerera pa zigoli zoposa 30, ndipo mu 2023 timu inapeza mapointi 91, n'kuperewera pointi imodzi yokha. Chaka chotsatira inabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo Granato anapakira. Apa ndi pamene akuluakulu a timu anakumbukira nambala ya foni ya Lindy Ruff.

Ife masapota tisadziyeretse. Kulikonse kumene kuli bwalo la masewero, timu ikagonja katatu mafoni a pawailesi amaimba nyimbo imodzi, kochi achoke. Timawapeputsira ntchito akuluakulu aja, chifukwa tikangopatsidwa mutu wa mphunzitsi timakhala chete miyezi isanu ndi umodzi. Ruff yemweyu amatidziwa bwino. Mu Okutobala 2022, ali mphunzitsi wa New Jersey Devils, masapota anakuwa m'bwalo kuti achotsedwe, ligi itangoyamba kumene. Timuyo inatembenuka n'kupambana magemu 13 motsatizana, ndipo mu Novembala anthu omwewo, m'bwalo lomwelo, anakuwa mogwirizana kumupepesa. Chinasintha n'chiyani m'mwezi umodziwo? Mphunzitsi anali yemweyo, ndi mutu womwewo. Ndipo mu Malichi 2024 New Jersey inamuchotsabe, n'chifukwa chake Buffalo itaimba foni inamupeza ali pakhomo.

Anabwerera ali ndi zaka 64, tsitsi litayera, anthu a mumzindawo akumulandira ngati mwana wawo. Kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho timu inayamba kugonja, ndipo inatha magemu 13 osapambana. Zitafika poipa, pakati pa Disembala, Pegula anakwera ndege n'kutsatira timu ku Montreal kuti akalankhule ndi osewera pamaso. Kumeneko ndiye kuyesetsa kwa mutu waukulu. Analankhula, anawalimbikitsa, anabwerera kwawo. Mawa lake Montreal Canadiens inawakwapula 6-1.